Ndinasankhira Mkazi Wanga Mzinda Wotchipa

1

Dzina langa ndi Cornelius Makina, koma mukafika pa Migowi n'kufunsa dzina limenelo mudzavutika. Funsani kuti a Sikelo ali kuti. Ngakhale amayi ogulitsa tomato adzakulozerani, ndipo adzakulozerani akuseka.

Ndimagula nandolo, mpendadzuwa ndi soya kwa alimi n'kukagulitsa ku Limbe. Thumba ndimalidziwa kulemera kwake ndi maso okha. Chibadwire sindinagulepo chinthu pamtengo woyamba kutchulidwa. Ngakhale bokosi la maliro a bambo anga ndinanenerera mpaka kalipentala anandifunsa ngati malemuwo analidi bambo anga.

Ndikulemba izi ndili m'kachipinda kakuseri kwa shopu, momwe ndimagona pakati pa matumba, pamodzi ndi anankafumbwe. Chaka chatha nthawi ngati ino ndinali ndi nyumba ya njerwa zootcha, malata makumi atatu ndi awiri, m'munsi mwa phiri la Michesi. Ndinaimanga ndi thukuta langa, koma pamalo a kuchikazi, pakuti kwathu kuno mwamuna ndiye amanyamula bulangete kukakhala kwa mkazi. Ndinakhala mkamwini pamudzi paja zaka khumi ndi ziwiri. Ndinali ndi mkazi, ana awiri, mbuzi zisanu ndi ulemu wanga.

Palibe anandilodza. Palibe anandinamizira. Ndinangokhala pansi tsiku lina n'kuchita masamu, ndipo masamuwo anali olondola.

2

Mkazi wanga Aliness ndinamutulutsa sukulu ndine, ali Fomu 3, ndi mimba ya mwana wathu woyamba Promise. Sanandikumbutsepo ndi pakamwa, koma makope ake akale anawasunga m'sutikesi zaka zonsezi, pansi pa nsalu za kumpingo. Wilson, mwana wathu wachiwiri, atayamba sitandade wani, Aliness analembetsa sukulu ya masana ija ya anthu akuluakulu. Ine ndinkamuseka.

"Amake Promise, mutu umene wazolowera mtolo wa nkhuni ungasenzenso Bayoloje?"

"Mtolo umakhala pamwamba," ankayankha choncho. "M'kati muli malo."

Analemba mayeso a Fomu 4 n'kukhoza bwino kuposa ana ena ovala yunifolomu. Kenako anafunsira malo m'makoleji oyima paokha kuti aphunzire zaumoyo, ndipo atatu anamuvomera: ina ku Blantyre, ina ku Zomba, ina ku Mzuzu. Fizi inali yofanana pafupifupi konse. Ya chaka choyamba anali ataisonkhanitsa kale yekha kuchokera m'munda wake wa nandolo. Chimene chinatsala chinali kusankha mzinda woti akakhalemo zaka zitatu osatisaukitsa: nyumba, chakudya, mayendedwe. Mbali imeneyo inali yanga.

"Ine mtima wanga uli pa Zomba," anatero Aliness. "Minibasi imodzi kudzera ku Jali, ndafika. Ana akadwala ndikhoza kubwera tsiku lomwelo."

"Mtima sugula makala," ndinamuyankha. "Ndipatseni sabata imodzi ndifufuze mitengo."

Kunena zoona, ndinali nditasankha kale.

3

Kwathu nkhani yaikulu ya mkazi siitha popanda mwinimbumba. Wa Aliness ndi atsibweni ake, a Goodman, amene amakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi njira yopita kuphiri. Ndi munthu wanthabwala, ndipo khutu lawo limodzi limagontha pokhapokha mukuwapempha chinthu. Anabwera Lamlungu titaweruka kutchalitchi, ndi thumba la jekete lodzaza kalongonda. Apongozi anga aakazi anakhala pamphasa pamodzi ndi Aliness.

Ine ndinabwera ndi chikatoni chong'amba, nditalembapo mizere itatu ndi makala.

"Tiyambe ndi Blantyre," ndinatero. "Kachipinda ku Zingwangwa, kopanda ndi windo lomwe, pamwezi ndi mtengo wa mbuzi. Madzi ogula. Kupita kukalasi, minibasi. Kubwerera, minibasi. Ku Blantyre ngakhale kukodza n'kolipira."

"Zimenezo ndi zoona," anavomera a Goodman. "Ndinalipirapo ku Limbe, mpaka lero zimandiwawa."

"Zomba. Eninyumba a ku Chikanda anasiya kulima, munda wawo ndi ana a sukulu. Chipinda chimodzi amachidula ndi mapulaiwudi n'kukhala zinayi. Wina akayetsemula, onse anayi chimfine."

"Nanga Mzuzu?"

Apa ndinaimirira. Ndinawauza za nthochi zomwe amangotaya, za mbatata, za usipa wochokera ku Nkhata Bay, za mvula yomwe imagwa mpaka munthu kuiwala kuti madzi amagulidwa. Kenako ndinatulutsa nkhani yaikulu. Ndinapeza mayi wina wa kuno kwathu ku Phalombe amene anakwatiwa ku Luwinga, pafupi ndi kolejiyo. Ali ndi chipinda cha kuseri, cha simenti, magetsi, mpopi pakhomo. Mtengo wake ndi wa nkhuku imodzi pamwezi.

Apongozi anawomba m'manja. A Goodman anatafuna kalongonda pang'onopang'ono.

"Akamwini, Mzuzu si kuseri kwa Michesi. Basi imanyamuka m'mawa n'kukafika dzuwa litalowa. Transipoti mwaiwerengera?"

"Atsibweni, phindu lili pomwepo. Munthu akakhala ku Zomba azibwera Lachisanu lililonse. Kubwera, kubwerera, kawiri kanayi pamwezi, ndiye ndi shuga wa ana m'manja. Ku Mzuzu azibwera kawiri pachaka basi. Kutali n'kotchipa."

"Kutali n'kotchipa," anabwereza a Goodman. "Ndakalamba ndisanamve zimenezi. Ndiye bwanji osamutumiza ku Tanzania, akaphunzire mwaulere?"

Tonse tinaseka. Aliness sanaseke. Anandiyang'ana kanthawi, kenako anayang'ana chikatoni chija.

"Mayi ameneyu mwamudziwa bwanji?"

"Pamalonda timadziwana ndi anthu ambiri."

"Chabwino," anatero. "Masamu ndi anu."

4

Tinanyamuka mu Seputembala, ndi thumba la ufa, makaka ndi nandolo wouma. Ana anatsala ndi ine, agogo awo ali khomo loyandikana. Basi itadutsa pa Jenda, ndinaona kuti nthawi yakwana yoti ndinene kachinthu kamene ndinasiya pachikatoni paja.

"Amake Promise, pali kalamulo kamodzi. Mayi Eveles, eni nyumbawo, safuna akazi apabanja. Akuti amuna awo amabwerabwera, kutha madzi ndi kusokosa. Mtengo uja ndi wa atsikana okha. Ndiye ndinawauza kuti ndinu mlongo wanga."

Anatembenuka thupi lonse.

"Mlongo wanu?"

"Pakamwa pokha. Mukanena kuti ndinu mkazi wanga, mtengo ukwera kanayi, kapena atibweza ndi katundu yemwe."

"Ndiye ndizikutchani chiyani?"

"Achimwene."

Anayang'ana panja, mitengo ya ku Chikangawa ikudutsa. Kenako anavula mphete yathu ya ukwati ya mkuwa n'kuimanga pamfundo ya chitenje.

"Zaka khumi ndi ziwiri," anatero, "ndipo mwandigulitsa pamtengo wa nkhuku. Chabwino, achimwene."

Mayi Eveles anatilandira ngati ana awo obwera kuchokera ku Joni. Ndi mayi wonenepa, waphokoso, wa Chichewa cha kwathu chenicheni ngakhale akhala kumpoto zaka makumi awiri. Anandigwira dzanja ndi manja awiri osafuna kulisiya. Anapha tambala. Pondipatsa ntchafu anandipsinyira diso.

"Eninyumba a ku Mzuzu amaphera alendi nkhuku?" anandinong'oneza Aliness.

"Ndinakuuzani kuti kuno zinthu n'zotchipa."

Ndinagona pampando wa pabalaza, monga mlongo waulemu, ndipo m'mawa mwake ndinakwera basi yobwerera. Njira yonse ndinali ndikuimba nyimbo za kwaya. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma ine tsiku limenelo ndinkadziona ngati wamalondayo.

5

Tsopano ndikuuzeni zimene sizinalembedwe pachikatoni.

Lachiwiri lililonse nyengo ya nandolo ndinkapachika sikelo yanga ku Jenala. Pafupi ndi mtengo umene ndinkapachikapo panali mtsikana wogulitsa zitumbuwa, dzina lake Rejoice. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi ndi kanzeru pakati pa mano, ndipo ankaseka nthabwala zanga zonse, ngakhale zimene Aliness anasiya kuseka Promise ali kumbuyo. Ndinamuuza kuti banja langa linatha kalekale, mkazi anandisudzula, ndimangokhala pa Migowi ndekha. Ku Jenala ndi kutali ndi Michesi mokwanira kuti bodza lipume.

Vuto linali nthawi. Mkamwini amawerengedwa ngati nkhuku, dzuwa likalowa ayenera kukhala m'khola. Ndiye Aliness atalandira makalata atatu aja, ine sindinaone makoleji. Ndinaona mitunda. Zomba inali pafupi kwambiri, komanso minibasi yake imadutsa dera la ku Jenala komweko. Blantyre anali pafupi. Mzuzu anali bwino.

Tsiku lina ndikudya chitumbuwa chaulere, pakamwa panaterereka.

"Ndikufuna chipinda ku Mzuzu. Mlongo wanga akukayamba koleji."

"Iii, ku Mzuzu?" anatero Rejoice. "Mayi anga aang'ono, a Eveles, ali ku Luwinga! Ali ndi chipinda chongokhala. Akamva kuti ndi mlongo wa amuna anga sangamulipiritse zambiri. Mwina ya magetsi yokha."

Owerenga, munthu wanzeru akanathokoza n'kusintha nkhani. Mzuzu ndi mzinda, zipinda zilimo mazanamazana. Ndikanatha kupeza china kwa munthu wosandidziwa, pamtengo wa anthu onse. Ndinadziwa kuti ndikukaika mkazi wanga m'nyumba ya mayi ake aang'ono a chibwenzi changa. Ndinaziganizira masiku atatu. Koma nthawi iliyonse ndikafuna kukana, mtengo uja unkandibwerera m'mutu. Nkhuku imodzi, ndi magetsi omwe! Kusiya mtengo wotero kukanandidwalitsa.

Ndinangomanga mfundo ziwiri. Aliness ndinamuuza kuti abise ukwati. Rejoice ndinamuuza kuti mayi ake aang'ono asatchule za ife kwa mlongo wanga, chifukwa ndi wapakamwa, angakafalitse kwathu tisanalongosole mwambo. Mbali zonse ziwiri zinalonjeza kukhala chete. Ndinadziona ngati munthu amene wagula ng'ombe pamtengo wa mbuzi.

6

Miyezi itatu ndinadya bwino. Ana ndinkawasiya kwa agogo awo n'kunena kuti ndikukagona ku Limbe kudikira malipiro a nandolo. Aliness ankaimba foni Lamlungu lililonse. Pena mayi Eveles akakhala pafupi ankati, "Achimwene, ana ali bwanji kumeneko?" ndipo ine ndinkaseka mpaka misozi.

Kumapeto kwa Novembala mafoni ake anasintha. Anafupika. Ankafunsa za ana, za mbuzi, za denga la khitchini, basi. Ndipo ankanditcha achimwene nthawi zonse, ngakhale ndikumva bwinobwino kuti ali yekha panjira.

"Pa Khirisimasi sindibwera," anatero tsiku lina. "Ndawerengera transipoti. Kutali n'kotchipa ukakhala komweko."

"Mwayamba kuganiza ngati ine," ndinamuyamikira.

Nkhani imeneyi inandipeza pabwino, chifukwa ku Jenala kunali kutatentha. Rejoice anali ndi pakati pa miyezi inayi, ndipo atsibweni ake ananena kuti atopa kuona njinga yanga itatsamira nyumba popanda mwini wake kudziwika. Anaika tsiku, Loweruka lotsatizana ndi Khirisimasi, kuti ndibwere ndi ankhoswe anga.

Abale anga enieni sakanayerekeza, onse anavina pa ukwati wanga ndi Aliness. Ndiye ndinapita kwa Dickson, venda mnzanga wa pa Migowi, amene ali ndi imvi zoyambirira ndi nkhope ya mkulu wa mpingo. Tinagwirizana kuti akhale atsibweni anga kwa tsiku limodzi. Anafuna matumba awiri opanda kanthu ndi botolo. Ndinanenerera mpaka thumba limodzi.

7

Tinafika ku Jenala cha m'ma teni, mvula itangokata. Dickson anavala jekete yobwereka yomwe manja ake ankathera m'zigongono. Rejoice anatichingamira panjira, nkhope ikuwala.

"Mwachedwa! Abale anu afika kale m'mawa."

"Abale anga ati?"

"Musanamizire kudabwa. Mlongo wanu wabwera ndi mayi aang'ono kuchokera ku Mzuzu. Akuti amafuna kukudzidzimutsani. Ndi munthu wabwino bwanji! Wandigulira chitenje."

Miyendo inafuna kubwerera, koma ana a pamudzi anali atalanda kale njinga yanga n'kumaikankha kutsogolo. Titakhota pa nkhokwe, ndinaona anthu pansi pa mtengo. Kumanzere kunali akuchikazi, amuna pamipando, amayi pamphasa, mayi Eveles pakati pawo atavala duku latsopano. Kumanja, mbali ya akuchimuna, kunali mipando iwiri. Pa umodzi panali a Goodman akutafuna kalongonda. Pafupi nawo, pamphasa, miyendo atatambasula mwaulemu, panali Aliness.

Dickson amawadziwa a Goodman, ndi amene amamukonzera njinga. Anayang'ana kamodzi, n'kunena kuti akukataya madzi kuseri. Ndinamuonanso patatha masabata awiri.

"Takulandirani, achimwene," anatero Aliness. "Khalani apa, mpando takusungirani."

Ndinakhala. Sindikudziwa kuti ndinakhala bwanji.

Atsibweni a Rejoice anatsegula ndi pemphero, kenako anati akuchimuna afotokoze chimene abwerera. A Goodman anatsokomola.

"Ine khutu limandivuta. Alankhule mwana wangayu, ndi wa kukoleji."

Aliness anagwada bwinobwino n'kuwomba m'manja katatu.

"Zikomo makolo. Ine ndine Aliness. Ndimakhala kwa mayi Eveles, ndipo andisunga ngati mwana wawo. Mwezi watha anandiitana kukhitchini n'kundiuza kuti sangathenso kubisa, ine ndi iwo ndife apachibale tsopano, achimwene anga apereka mimba kwa mwana wawo ku Jenala. Anandipempha kuti monga mlongo wake ndithandize kulongosola mwambo. Ndinavomera. Ndinali ndi mayeso, ndiye ndinayamba ndalemba kaye."

"Ndi mwana wamakhalidwe," anathirira ndemanga mayi Eveles. "Sanandivutitsepo olo tsiku limodzi."

"Ndiye ndabwera kudzachitira umboni achimwene angawa, poti palibe amene amawadziwa kuposa ine. Ndi munthu wolimbikira. Samwa kwambiri. Samenya. Nyumba amamanga yabwino. Kubereka amabereka, musakayike." Anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa mphete ija, n'kuiika pamphasa. "Ine ndekha andiberekera awiri."

Nkhuku ina inadutsa pakati pa bwalo, ndipo aliyense anaiyang'ana ngati ili ndi yankho.

Woyamba kumvetsa anali mayi Eveles. Anagwira kumutu n'kukuwa, "Mayo ine! Ndinamuphera tambala!"

Rejoice sanakuwe. Anaimirira pakhomo la khitchini ndi beseni la zitumbuwa zomwe anakazinga kuti alendo adye. Analiika pansi pang'onopang'ono.

"A Cornelius, munati banja linatha."

"Rejoice, nkhaniyi ili ndi mutu wake..."

"Munati anakusudzulani. Ndinakumverani chisoni. Ndinkakupatsani zitumbuwa zaulere miyezi isanu ndi itatu." Anatembenukira kwa Aliness, misozi ikutsika. "Mayi, ine sindinadziwe. Chitenje chanu tengani."

"Sungani," anatero Aliness. "Mudzaberekera mwana. Iye sanalakwe, inunso simunalakwe."

Ndinayesa kulankhula. Ndinati satana. Ndinati kusungulumwa. Ndinafika mpaka ponena kuti chipindacho chinalidi chotchipa, ndipo apa ndi pamene mnyamata wina wa kuchikazi anavula shati. Atsibweni a Rejoice anamukhazika pansi.

"Musamumenye, angatipatse mlandu waulere. Bambo, mwanayo akabadwa ndi wa pamudzi pano, ndipo mudzamusamala, tikakutengerani kukhoti mukazemba. Koma malo omanga nyumba kuno kulibe. Munthu amene amasandutsa mkazi wake mlongo, ife mawa adzatisandutsa chiyani?"

Njinga yanga ndinaipeza matayala onse awiri ataphwetsedwa. Ndinaikankha mpaka pamsewu.

8

Kwathu ndinafika madzulo, dzuwa lisanalowe. Aliness ndi a Goodman anali atafika kale pa njinga zamoto. Pakhonde panali bulangete langa lopindidwa bwino, sikelo yanga yakale, nsapato ziwiri ndi chikatoni chija cha mizere itatu. Apongozi anali atachisunga, sindikudziwa chifukwa chake.

Ndinagwada pamatope. Sindinama, ndinalira, ndipo sikunali kulira kwa malonda. Ndinayang'ana nyumba ija, mitengo ya mapeyala imene ndinabzala, Wilson akusuzumira pawindo la agogo ake, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona chinthu chimene sindikanatha kuchinenerera.

"Atsibweni, ndalakwa. Ndilipitseni mbuzi. Ndilipitseni zonse zisanu."

Khutu la a Goodman tsiku limenelo linkamva bwino kwambiri.

"Akamwini, mbuzi ndi za ana. Ine ndili ndi funso limodzi. Munabwera pamudzi pano kudzatsata ndani?"

"Aliness."

"Monga ndani wanu?"

"Mkazi wanga."

"Koma mwauza anthu a ku Mzuzu kuti ndi mlongo wanu. Mwauza a ku Jenala chimodzimodzi. Maboma awiri akudziwa choncho. Ife ndife ndani kuti titsutse? Ndiye kwathu kuno munthu ndi mlongo wake sagona nyumba imodzi. N'zonyansa."

"Nanga malata anga? Makumi atatu ndi awiri!"

Apa anayankha ndi apongozi, amene zaka khumi ndi ziwiri sanandiyang'anepo m'maso chifukwa cha ulemu. Tsiku limenelo anandiyang'ana.

"Malatawo afunditsa ana anu. Mukufuna kuwafundukula?"

Ndinatembenukira kwa Aliness. Ndinkayembekeza kuti atukwane, chifukwa mkazi wotukwana amakhala asanatseke chitseko. Iye ankasankha nyemba m'lichero.

"Amake Promise, mwezi wathunthu mumadziwa, osandiuza?"

"Usiku umene mayi Eveles anandiuza ndinasanza mpaka m'mawa," anatero osakweza mutu. "Ndinafuna kukwera basi tsiku lomwelo. Kenako ndinakumbuka kuti munanditulutsapo kale sukulu kamodzi. Ndinati kachiwiri ayi."

Akuluakulu amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Ine sindinaterereke ndekha, ananditsetseretsa ndi bulangete kumutu, anthu a m'mudzi ataima m'mbali mwa njira ngati kukudutsa gulu la ukwati.

9

Aliness anabwerera ku Mzuzu mu Januwale. Akukhalabe kwa mayi Eveles, amene chifukwa cha manyazi anakana kulandiranso ngakhale ya magetsi. Amadya nawo limodzi, amapita limodzi kutchalitchi, ndipo ndamva kuti akasowa chocheza amacheza za ine. Ndiye onani, masamu anga anali olondola. Palibe wophunzira m'Malawi muno amene akukhala motchipa kuposa mkazi wanga. Kachipinda kanga ka anankafumbwe pa Migowi ndikulipira katatu kuposa mtengo umene ndinkanyadira uja.

Rejoice anabereka mwana wamwamuna mu Meyi. Ndimatumiza sopo ndi ufa kudzera kwa wa kabaza, chifukwa ine ndikaonekera ku Jenala alimi amabisa nandolo. Mapanga awiri avumbwitsa, koma ine ndinawonjeza uchitsiru wina, ndinalumikiza mapangawo ndi msewu kuti ndisunge ya lendi.

Inu amene mukusankhira mkazi, mwamuna kapena mwana mzinda wokaphunzirako, funsani mitengo ndithu. Funsani za nyumba, za makala, za madzi, za minibasi. Si tchimo, ndalama ikuvuta. Koma amayi, mukaona bambo amene sanakugulirenipo cholembera ayamba mwadzidzidzi kujambula mizere pachikatoni, n'kumalimbikira kuti kutali n'kotchipa, yang'anani bwino pasikelo. Ife a malonda timadziwa poika chala. Ndipo abambo anzanga, chipinda chikatchipa kwambiri dzifunseni kuti chotsalacho mudzalipira ndi chiyani.

Ine ndinadziwa mtengo wake weniweni mwezi watha. Linali tsiku la msika, ndikuyeza soya wa mayi wina, pamene ndinamva kamawu kumbuyo kwanga. Anali Promise, atavala yunifolomu, agogo ake atamutuma mchere. Watalika. Nsapato zake sindinagule ndine. Ndinasiya sikelo ikugwedera n'kumugulira fanta, osanenerera.

Anamwa theka, kenako anandiyang'ana ndi maso a mayi ake.

"Kusukulu anzanga akumandiseka. Akuti inu ndi amayi ndinu pachilongo." Anazunguza botolo m'manja. "Ndiye ndimati ndifunse, kuti ndisamalakwitse pa anthu. Ndizikutchanibe ababa, kapena atsibweni?"

Mayi wa soya uja anatola thumba lake mwakachetechete n'kupita pa sikelo ya Dickson.